Mwana wanga akugwa, koma kuchipatala sanamujambule mutu

Lachiwiri madzulo

Nachisale: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Pepani ndilemba zazitali, mutu wanga sukugwira. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 8 wagwa katatu kuchokera mu Januwale. Koyamba anagwa m'mawa akutsuka mkamwa, thupi lonse linauma gwa, kenako n'kuyamba kuphupha, thovu kukamwa, mpaka kudzikodzera. Kachiwiri anagwa kusukulu. Kachitatu ndi Loweruka lapitali pafupi ndi mbaula, mwamwayi mlongo wake anakankha mbaulayo ndi phazi. Dzulo ndinapita naye kuchipatala chathu chaching'ono. Adokotala anandifunsa mafunso mpaka ndinatopa, anamubaya pachala kuyeza malungo ndi shuga, anamukweza pasikelo, anamuuza kuti ayende uku ndi uku, afinye zala zawo, basi n'kunena kuti ndi matenda a khunyu. Atipatsa timapiritsi toyera ta phenobarbital toti azimwa usiku uliwonse, tibwerenso pakatha mwezi. Funso langa ndi ili: munthu angadziwe bwanji matenda a mu ubongo osajambula mutu? Bambo ake ali ku Joni, akuti atumiza ndalama tikapange sikani kuchipatala cholipira. Apongozi anga akuti izi si za chipatala, pali munthu wamuponda mwanayu. Ine ndangoima pamphambano.

Bambo a Tadala: Pepani kwambiri mayi. Koma funso lanu ndi lomveka. Galimoto ikavuta amakaniki amatsegula boneti, nanga mutu wa mwana angouweruza ndi pakamwa? Ndikanakhala inu, ndalama ya ku Joniyo ndikanailandira ndi manja awiri.

Nangozo: Asisi, chachikulu muziyenda ndi supuni. Akagwa muzimulowetsa mkamwa kuti asameze lilime. Agogo anga ankatero ndi msuweni wathu.

Namwino Nabanda: Ayi ayi Nangozo, supuni ayi chonde! Lilime silimezeka, linagwirira pansi pa kamwa. Ine ndaonapo ana mano ataguluka chifukwa cha supuni, ndi mayi wina amene analowetsa chala, chinatsala pang'ono kuduka. Munthu akagwa, chotsani moto, miyala, ndowa ya madzi, chilichonse chimene chingamupweteke. Pindani chitenje muike pansi pa mutu. Musamupanikize manja ndi miyendo, simungaletse kuphuphako ndi mphamvu, mungomuthyola. Kukangoleka, mugonekeni cham'mbali kuti malovu atuluke okha. Madzi kapena phala musamupatse mpaka atatsitsimuka n'kumakuyankhani. Ndipo yang'anani nthawi pafoni. Nthawi zambiri zimatha zokha pa mphindi imodzi kapena ziwiri. Zikapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, thamangani naye kuchipatala, kumeneko tili ndi diazepam woletsa.

Nangozo: Iii, ndiye takhala tikulakwitsa zaka zonsezi. Msuweni wathuyo mano akutsogolo alibedi.

Ankolo Mbewe: Moni nonse. Kwa amene simundidziwa, ndine kiliniko ofisa, ndipo kiliniki ya odwala matenda akugwa ndimayendetsa ndine pamalo pathu. Ndangotuluka mu wodi, mundikhululukire ndikalemba mokhotakhota.

Mayi Nachisale, mwanayo sindinamuone, choncho sindingaweruze m'malo mwa amene anamugwira ndi manja. Koma malinga ndi mmene mwafotokozera, mnzangayo anagwira ntchito yake. Mafunso anakutopetsaniwo ndiye kuyeza kwenikweniko. Khunyu si chotupa choti nthawi zonse chioneke pachithunzi. Ubongo umagwira ntchito ndi timagetsi tating'ono, ndipo kwa munthu wa khunyu timagetsi timeneti timasokonekera kwa kamphindi, ngati waya akathetheka, kenako zonse n'kubwerera m'malo. Mukamafika kwa ife mwana ali bwinobwino, akusewera ndi sikelo. Umboni wonse uli m'maso mwa amene anaona kugwako.

A Bambo a Tadala, galimoto imene imangozima yokha kamodzi pamwezi, makaniki wanzeru amayamba wafunsa dalaivala: inazima pokwera kapena potsika, injini itatentha kapena m'mawa? Akangotsegula boneti apeza zonse zili m'malo mwake.

Ife timafuna kudziwa izi: ankachita chiyani asanagwe, thupi linali lotentha kapena ayi, anayamba wauma kapena anangolefuka, maso anali otsegula kapena otseka, zinatenga nthawi yaitali bwanji, atadzuka anasokonezeka kapena kugona tulo tofa nato, anadziluma lilime cham'mbali. Munthu amene wangokomoka ndi njala kapena kuima nthawi yaitali padzuwa amayamba wachita chizungulire ndi thukuta, amalefuka, ndipo akagona pansi amadzuka msanga ali ndi nzeru zake. Wa khunyu amadzuka ngati wachokera kutali. Magazi aja anayeza pofuna kuchotsa zinthu zina zimene zimagwetsa munthu, monga malungo ndi kutsika kwa shuga. Mwana wamng'ono, wa miyezi 6 mpaka zaka 5, amatha kuchita linjirinjiri thupi likatentha kwambiri, ndipo ameneyo sitimutchula wa khunyu, sitimuyambitsanso mankhwala a tsiku ndi tsiku. Koma munthu akagwa kawiri kapena kuposa, masiku osiyana, popanda kutentha thupi kapena choyambitsa china choonekeratu, pamenepo timati ndi khunyu. Wanuyu wagwa katatu.

Bambo a Tadala: Chabwino adokotala, ya galimotoyo mwandigwira. Koma ndiye makina onse aja ntchito yake n'chiyani?

Ankolo Mbewe: Ali ndi ntchito, koma si aliyense amawafuna tsiku loyamba. Pali EEG, makina aja amamata timawaya kumutu kuti awerenge magetsi a ubongo. Amathandiza kudziwa mtundu wa khunyu, komatu pafupifupi theka la anthu amene alidi ndi matendawa, EEG yoyamba imatuluka yabwinobwino, chifukwa nthawi imene akuyezedwayo ubongo uli phee. Ndiye pali CT ndi MRI zojambula mkati mwa mutu. Zimenezi timazifuna kwambiri ngati kuphupha kumayambira mbali imodzi, ngati mkono kapena mwendo wafooka, ngati munthu wayamba kugwa atakula kale, ngati mutu ukumupweteka masiku ambiri ndi kusanza, ngati anavulala m'mutu, ngati ali ndi kachilombo ka HIV, kapena ngati mankhwala akumwa bwinobwino koma sizikusintha. Zikatero timalemba kalata yomutumiza kuchipatala chachikulu. Mayi Nachisale ndikufunseni: mwanayu anabadwa bwino? Analira msanga? Ndipo anadwalapo malungo aakulu?

Nachisale: Anabadwa bwino. Koma malungo eee. Ali ndi zaka 4 anakomoka masiku atatu, tinagonekedwa sabata ziwiri. Ankamubaya jakisoni pamtsempha, chakudya chinkadutsa pa kapaipi ka m'mphuno. Atadzuka anatenga pafupifupi mwezi asanayambe kuyankhula bwino. Adokotala a dzulo anafunsanso zimenezi, anayang'ana m'buku lake lakale lachipatala n'kugwedeza mutu. Koma zimenezo n'zakale, anachira.

Ankolo Mbewe: Ndiye mwina muzu wake ndi umenewo. Malungo a mu ubongo amatha kusiya chipsera, ndipo chipseracho chimayamba kuthetheka patapita miyezi, mwinanso zaka. Nkhani imeneyi dziko lonse linaiphunzira kwambiri kuchokera kwathu konkuno, ku wodi ya ana ya kafukufuku wa malungo pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Madokotala ofufuza Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anakonza muyezo wa kukomoka kwa ana mu 1989, umene mpaka lero umatchedwa Blantyre Coma Scale. Timaona maso ngati akutsatira, kulira kwake, ndi mmene akuchitira ukamutsina, n'kupereka mapointi kuyambira 0 mpaka 5. Konko anaonanso kuti ukasuzumira kumbuyo kwa diso la mwana wokomoka, pali zizindikiro zosonyeza kuti wakomokadi ndi malungo osati matenda ena. Makina a MRI atafika pachipatalapo mu 2008, anajambula ana okomoka, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2015 zinaonetsa kuti mwa ana 25 amene anamwalira, 21 ubongo wawo unali utatupa kwambiri. Za khunyu, dokotala wa ubongo Gretchen Birbeck ndi anzake anatsatira ana 132 amene anapulumuka malungo a mu ubongo ku Blantyre komweko, ndipo 12 mwa iwo anadzayamba kugwa khunyu, pamene mwa ana ena amene ankawayerekeza nawo panalibe ndi mmodzi yemwe. Ndiye mnzanga uja pogwedeza mutu anali ataona pamene nkhani yachokera.

Nachisale: Ambuye. Zaka zinayi zonsezi ndimati tinathana nazo.

Mayi a Chikondi: Limbani mtima asisi. Koma apongoziwo musawanyoze, nawonso akulira mdzukulu wawo. Tsiku lobwerera kuchipatala muwatenge, akadzimvere okha. Ine apongozi anga ankakana za ma ARV a mwana wawo mpaka tsiku limene anakhala pabenchi n'kuona anthu onenepa bwino akudikira botolo lomwelo.

Mlongo wa ku Katete: Moni a ku Malawi, ine ndili ku Zambia kuno kum'mawa. Ndifunseko adokotala. Kwathu kuno a zaumoyo amanena kuti nkhumba zimabweretsa matenda akugwa, makamaka nyama ija ili ndi timatuza toyera, ena amati masese. Mlamu wanga anayamba kugwa ali ndi zaka 34 ndipo amakonda nkhumba yootcha pamsika. Ndi zoona kapena amangofuna tisiye kudya?

Ankolo Mbewe: Ndi zoona koma njira yake ndi yokhota, ambiri amaisokoneza. Ukadya nyama ya timatuza yosapsa bwino, umakhala ndi njoka yaitali m'matumbo. Njokayo imaikira mazira amene amatuluka ndi chimbudzi. Munthu wina, kapena iwe wemwe, akameza mazirawo kudzera m'manja osasamba, ndiwo zamasamba kapena madzi, timphutsi timayenda m'magazi mpaka kukamanga timatuza mu ubongo. Choncho ngakhale munthu amene sanalawepo nkhumba moyo wake wonse angadwale, bola akhale pafupi ndi wa njokayo. Nkhumba nazonso zimatenga kwa anthu, zikamayenda mwaufulu m'mudzi mopanda zimbudzi. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati m'madera amene njokayi ndi yofala, pafupifupi anthu atatu mwa khumi alionse a khunyu choyambitsa chake ndi chimenechi. Mlamu wanuyo, poti wayamba atakula, ndi mmodzi mwa amene ndikanafuna ajambulidwe. Mankhwala ake alipo, albendazole kapena praziquantel, koma chonde musakagule nokha. Timphutsi tikamafa ubongo umatupa ndipo munthu amatha kugwa kwambiri, ndiye timapereka pamodzi ndi mankhwala oletsa kutupa komanso oletsa kugwa.

Mlongo wa ku Katete: Zikomo. Ndimuuza mkazi wake, iye yekha samva.

Aphunzitsi Nankhoma: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Sindinanenepo pagulu pano, koma ine ndine mmodzi wa anthu amene mukukambawo. Ndinayamba kugwa ndili Sitandade 7. Kunyumba anandipatula mbale ndi kapu, kapu yanga inali yobiriwira, inkakhala pawindo payokha. Ndikagwa anthu ankathawa, ankati malovu anga kapena mpweya woipa ukakufika nawenso uyamba. Tsiku lina ndinagwa ndikuphika nsima, mkono wamanja unalowa pamoto, ndipo azakhali anga anaima pakhomo n'kumakuwa osandikoka. Anandikoka ndi mwana wa aneba wa zaka 10 amene sankadziwa kuti akuyenera kuopa. Chipsera chilipo mpaka lero, chimayambira pachigongono kufika pa chala chaching'ono, ndipo ana anga m'kalasi amachifunsa chaka chilichonse.

Nditapsa, a m'mudzi anati basi, wa khunyu akapsa ndi moto sachiranso. Anali atanditemera kale mphini m'mutu monse. Amene anatiuza zoona ndi namwino wa ku wodi imene ankanditsuka balalo. Anayamba kundipatsa mankhwala, anasintha kamodzi, anakweza kawiri, ndipo pano ndatha zaka 11 osagwa. Ndinaphunzira, ndinakwatiwa, ndili ndi ana atatu, palibe amene amagwa. Mwamuna wanga amamwera kapu imodzi ndi ine. Mayi Nachisale, mwana wanuyo musamuchotse sukulu, ndipo musamugulire kapu yakeyake.

Nachisale: Aphunzitsi mwandiliza. Apongozi anayamba kale kumupatula mbale Lamlungu.

Namwino Nabanda: Matendawa sapatsirana, kaya ndi malovu, mkodzo, mpweya kapena kugona mphasa imodzi. Ndakhala ndikupukuta thovu la odwala ndi manja anga zaka zambiri. Padziko lonse pali anthu pafupifupi 50 miliyoni a khunyu, ndipo 7 mwa 10 alionse angathe kusiyiratu kugwa atalandira mankhwala oyenera. Vuto lathu kuno ndi loti ambiri safika n'komwe kuchipatala, ena timakumana nawo koyamba atapsa kale ngati aphunzitsiwa.

(Uthenga uwu wafufutidwa ndi admini)

Admini: Amene mwaika nambala yanu ndi botolo la mankhwala azitsamba "ochotsa khunyu masiku 7", ndafufuta. Pagulu pano sitigulitsa. Mukabwereza ndikutulutsani.

Mayi Busa: Ine sindigulitsa kanthu, koma ndinene kuti pemphero limagwira ntchito. Mwanayu tiyeni timupempherere.

Ankolo Mbewe: Mayi Busa pempherani ndithu, inenso ndimapemphera ndisanalowe mu wodi. Pempho langa ndi limodzi: pasapezeke wouza mayiyu kuti ataye mapiritsi posonyeza chikhulupiriro. Phenobarbital ukamusiya mwadzidzidzi, munthu amatha kugwa mosalekeza, kuphupha pamwamba pa kuphupha, ndipo kumeneko kumapha. Odwala amene ndawalandirapo ali chikomokere chotere, ambiri nkhani yake imakhala imodzi mwa ziwiri: wina anawauza kuti achira asiye, kapena mankhwala anatha.

Mayi Busa: Ayi, ife kwathu timapempherera mapiritsi omwewo. Amene amatayitsa anthu mankhwala ndi ena.

Bambo a Tadala: Pa za kutha kwa mankhwalazo ndiye mwakhudza pachilonda. Malume anga anayenda ulendo wa maola awiri panjinga n'kukauzidwa kuti kulibe, abwere sabata yamawa. Anagwa kawiri sabata imeneyo.

Namwino Nabanda: Zimachitikadi, sitingabise. N'chifukwa chake timati musadikire piritsi lomaliza. Pitani kukatsala a sabata imodzi. Mukapeza kulibe, funsani adokotala akulembereni m'buku dzina ndi mlingo wake kuti mukafufuze kuchipatala china kapena ku famase. Ndipo a ku Joni aja, ndalama ya sikaniyo mwina isungidwe kaye, ingadzathandize tsiku lotere. Koma asamangotumiza mapiritsi a mtundu wina pabasi ati poti ndi a ku South Africa ndiye amphamvu. Mlingo wa mwana umayendera kulemera kwake, n'chifukwa chake anamukweza pasikelo.

Aphunzitsi Nankhoma: Ndiwonjezere china cha amayi, poti palibe anandiuza ine. Mwana wanga wachitatu anabwera ndili ndi kachipangizo kolera kapamkono. Ndinkamwa carbamazepine, ndipo kuchipatala cha kulera sanandifunse, inenso sindinanene chifukwa cha manyazi. Mwanayo timamukonda, koma sitinamuyitane.

Namwino Nabanda: Nkhani yaikulu imeneyo aphunzitsi. Carbamazepine, phenobarbital ndi phenytoin amachititsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena mofulumira. Mapiritsi olera ndi kapamkono, kaya Jadelle kaya Implanon, mphamvu yake imachepa. Jakisoni wa Depo ndi lupu zimagwirabe bwino ntchito. Chimodzimodzi ma ARV: dolutegravir amene ali m'piritsi limene ambiri akumwa panopa amachepa mphamvu ndi mankhwala atatu omwewa, ndiye adokotala amayenera kusintha mlingo kapena kusankha mankhwala ena a khunyu. Chonde bwerani ndi mabuku onse ndi mabotolo onse. Ena amabisa buku la ma ARV m'thumba n'kutionetsa lina, kenako tonse timadabwa kuti tizilombo tachulukanso bwanji.

Ankolo Mbewe: Ndiye wina anena kuti bwanji osangopereka sodium valproate kwa onse, poti sachita zimenezo. Valproate ndi mankhwala abwino kwambiri pa mitundu yambiri ya khunyu, koma kwa mtsikana kapena mayi amene angatenge pakati timamupewa mmene tingathere. Mwa ana 10 obadwa mayi akumwa valproate, pafupifupi mmodzi amabadwa ndi chilema, monga msana wosatsekeka, ndipo atatu kapena anayi amadzavutika kakulidwe ndi kaphunziridwe. Kumene lamotrigine kapena levetiracetam akupezeka, amenewo ndiwo abwinopo kwa mayi wotere. Koma mayi wa pakati asasiye yekha mankhwala alionse, abwere tikambirane, makamaka asanatenge pakatipo. Mukuona kuti matenda amodzi omwewo, mwana wa zaka 8, mtsikana wa zaka 19 ndi bambo wa ma ARV sitiwapatsa zofanana. Mafunso otopetsa aja ntchito yake inanso ndi imeneyi.

Komanso mayi wa pakati amene sanagwepo, akayamba kuphupha mimba itakula kapena atangobereka, miyendo ndi nkhope zitatupa, mutu ukuwawa, imeneyo si khunyu. Ndi BP ya pakati, ndipo ndi ngozi ya ola lomwelo. Mankhwala ake ndi ena, magnesium sulphate.

Achemwali a ku Leeds: Moni kumudzi. Ine ndimagwira ntchito yosamalira anthu kuno ku UK, ena mwa iwo ndi a khunyu. Chimene ndaphunzira n'choti ngakhale kuno kumene makina ali mbwee, dokotala wa ubongo funso lake loyamba ndi lakuti, pali amene anajambula vidiyo? Ndipo wodwala aliyense ali ndi kabuku kolembamo tsiku, nthawi, mphindi zingati, ndi mmene zinayambira. Nachisale, gulani kope la masamba ochepa, ndipo mlongo wake uja mumuuze kuti zikachitikanso, wina akamateteza mutu, iye ajambule pafoni kuyambira pachiyambi penipeni. Zikumveka ngati nkhanza kujambula mwana akuvutika, koma vidiyo ya mphindi imodzi imanena zoposa zimene pakamwa pa mayi wamantha pangakumbukire. Musaitumize pamagulu, ndi ya adokotala okha.

Ankolo Mbewe: Achemwali mwandilanda mawu. Chitani zomwezo mayi. Komanso phenobarbital amatenga sabata ziwiri kapena zitatu kuti akhazikike m'magazi, ndiye akagwa masiku oyambirirawa musati mankhwala alephera.

Nachisale: Zikomo nonse. Ndawawerengera bambo ake pafoni. Akuti tidikire kaye.

Patapita sabata zinayi, Lachisanu

Nachisale: Abale ndabweranso. Mwana anagwa kamodzi, sabata yatha, ndipo mlongo wake anajambula monga munanenera. Ine ndekha nditaionera vidiyoyo ndinadabwa. Asanagwe anasiya kudya, anayang'ana dzanja lake lamanzere, zala zinayamba kugwedezeka zokha, kenako mkono wonse, mutu n'kutembenukira kumanzere, ndiye pambuyo pake n'kuuma thupi lonse. Maulendo atatu aja ine ndinkafika zitafika kale pothera. Nditamufunsa anati dzanjalo limayamba lachita dzanzi ngati nyerere zikuyenda, koma ankaopa kunena. Dzulo tinapita ndi apongozi. Adokotala anaionera katatu, anaitananso mnzawo. Akuti zikuyambira mbali imodzi ya ubongo, yakumanja, ndipo atilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu kuti akamuone a ana, mwina akamujambule. Ndinawauzanso kuti chiyambire mapiritsi aja mwanayu wasanduka wina, sakhazikika, akumenya anzake, aphunzitsi ake adandaula kawiri. Akuti ndi mankhwalawo, ndiye ayamba kumusinthira ku carbamazepine pang'onopang'ono, akale akuchepetsa, atsopano akukweza.

Bambo a Tadala: Ndiye sikani ija yabwera ndithu! Ndinanena ine.

Ankolo Mbewe: Haha a Bambo a Tadala, yabwera, koma tsopano wojambulayo akudziwa mbali yoti ayang'ane ndi chimene akufuna. Amene wapeza matendawa ndi mtsikana wa foni uja. Dzanja lamanzere limalamulidwa ndi ubongo wakumanja, n'chifukwa chake anatero. Mayi, dzanzi limenelo ndi chenjezo, ndipo ndi mwayi. Muphunzitseni kuti akangolimva anene, achoke pamoto kapena pamadzi, akhale pansi. Za kuvuta khalidwe, phenobarbital amaterodi kwa ana ena, akulu amawagonetsa koma ana amawapatsa phuma. Ena mwa ana amene anadwala malungo a mu ubongo amakhalanso ndi vuto la khalidwe paokha, ndiye muone ngati zisinthe mankhwala akale akatha. Pa carbamazepine yang'anirani khungu miyezi iwiri yoyambayi. Mukaona zidzolo, zilonda mkamwa, maso ofiira kapena thupi kutentha, pitani tsiku lomwelo, musadikire tsiku la kiliniki. Chizungulire ndi tulo masiku oyamba zimachitika ndipo zimatha.

Nangozo: Nanga amwa moyo wake wonse?

Ankolo Mbewe: Si onse. Munthu akatha zaka ziwiri kapena kuposa osagwa, timakhala pansi n'kuona ngati tingayambe kuchepetsa, ndipo kuchepetsako kumatenga miyezi. Koma kwa amene ali ndi chipsera mu ubongo, mwayi woti zibwererenso ndi wokulirapo, ndiye sitithamanga. Aphunzitsi Nankhoma angatiuze okha chifukwa chake akumwabe patatha zaka 11.

Aphunzitsi Nankhoma: Tinayesa kuchepetsa nditatha zaka zitatu zoyamba, ndinagwa pa asembule pamaso pa sukulu yonse. Zaka 11 ndikuwerenga kuchokera tsiku limenelo. Sindikufunanso kuyesa.

Mayi a Chikondi: Nanga apongozi anati bwanji?

Nachisale: Anakhala chete njira yonse. Pabenchi anacheza ndi bambo wina wa kabaza amene amabwera kudzatengera mkazi wake mankhwala, sindinamve zimene anakambirana. Madzulo ndinaona atenga mbale ya mwana ija n'kuiika pamodzi ndi zinzake, osanena kanthu. Koma kachithumwa kamene anamumanga m'chiuno akuti kakhale.

Namwino Nabanda: Kachithumwako kasiyeni, sikalimbana ndi carbamazepine. Chokhacho, zakumwa za m'botolo zosadziwika ayi, chifukwa sitidziwa zimene zimachita zikakumana ndi mapiritsi m'chiwindi.

Nachisale: Chatsala ndi kumtsinje. Anzake onse amakasambira Loweruka ndipo akulira kuti ndamuletsa. Mpira ndamulola. Kukwera mango ndakana.

Ankolo Mbewe: Mpira asewere, kusukulu apite, njinga pabwalo apalase. Kumtsinje ndi pachitsime pakadali pano ayi, mpaka tione kuti mankhwala agwira, ndipo ngakhale pamenepo pazikhala wamkulu wodziwa kusambira amene akumuyang'ana iyeyo basi. Kubafa azisamba ndi kapu, chitseko osakhoma.

Aphunzitsi Nankhoma: Mayi Nachisale, nditumizireni uthenga kumbali. Ndikulemberani kakalata kachidule kopita kwa mphunzitsi wake, koti adziwe chochita akagwa m'kalasi, komanso kuti mnzake wokhala naye desiki asamusamutse.

Nachisale: Ndatumiza aphunzitsi. Ulendo wa kuchipatala chachikulu ndi Lachitatu, tinyamuka ndi minibasi ya 5 koloko. Foni ya vidiyo ija ndaibisa m'chikwama, mlongo wake akuti ndimubwezere ikangotha ntchito.